Gitala ya Paul, Ng'oma za Chrissy: Anyamata Awiri Amene Anapanga Ngozi

Mu Okutobala 2024, woimba wa ku America Tyler, the Creator anatulutsa nyimbo yotchedwa "Noid", ndipo pakati pa Chingelezi chake panatulukira mawu a Chinyanja. Sichinali Chinyanja cha m'buku la kusukulu. Chinali chathu chino cha mu Lusaka, chimene timakangana nacho pa mpopi ndi kunenerera nacho tomato pa Soweto. Mawuwo anawatenga m'nyimbo ya gulu la Ngozi Family yotchedwa "Nizakupanga Ngozi", ya m'chimbale cha 45,000 Volts cha mu 1977. Masiku amenewo dzina la Paul Ngozi linayenda pa mafoni kuchokera ku Kanyama mpaka ku Mtendere, ndipo achinyamata amene anabadwa mwiniwake atagona kale m'manda anayamba kufunsa makolo awo kuti munthuyu anali ndani.

Zinandikondweretsa. Koma pa phokoso lonselo panasowa dzina limodzi, la munthu amene anakhala kumbuyo kwa Paul ndi timitengo tiwiri m'manja pamene nyimboyo inali kujambulidwa. Dzina lake ndi Chrissy Zebby Tembo. Maganizo anga ndi akuti chimene timachitcha kuti kaimbidwe ka Paul Ngozi ndi ntchito ya anthu awiri, woliza gitala ndi woliza ng'oma, ndipo amene amamva gitala yokha wamva theka la nkhani. Umboni wake uli m'zimbale zitatu zimene aliyense wa bandulo ya K10 angathe kuzipeza lero: Day of Judgement, 45,000 Volts ndi My Ancestors.

Tiyambe ndi anthuwo. Paul Dobson Nyirongo anabadwa mu 1949 ndipo anakulira mu Chibolya, pafupi ndi Kanyama. Dzina lakuti Ngozi analipeza pa siteji, chifukwa cha mmene anali kuchitira ndi gitala, mpaka kuiliza ndi mano. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 iye ndi Chrissy anali kuimba limodzi m'gulu la The Scorpions. Kenaka Paul anakhalako kanthawi mu Musi-O-Tunya, gulu limene linatchuka ndi Rikki Ililonga ndipo linali kuimba ku Nairobi. Atabwerako anafunanso mnzake wakale uja, ndipo Ngozi Family inabadwa. Pa gitala ya besi panadutsa anthu osiyana, poyamba Billy Sithenge, pambuyo pake Tommy Mwale. Koma m'zaka zimene gululi linatulutsa zimbale zimene dziko likuzithamangira lero, mipando iwiri sinasinthe: Paul kutsogolo, Chrissy kumbuyo. N'chifukwa chake ine ndimawawerenga ngati gulu la anthu awiri, ngakhale pa chikuto palembedwa kuti banja.

Nthawi imene anakumana nayo inawathandiza. Pakati pa zaka za m'ma 1970, Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse za pa wailesi zikhale za Zambia. Wailesi inali imodzi, ya boma, ndipo mwadzidzidzi inamva njala ya nyimbo za kuno kwathu. Ku Ndola kunali Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo ndi kampani ya Teal imene inali kudinda zimbale. Anyamata amene kale anali kungobwereza nyimbo za The Beatles, za The Rolling Stones ndi za Jimi Hendrix m'maholo ndi m'mabala anaona kuti tsopano nyimbo yopeka okha ili ndi msika. Mu mphepo imeneyo munatuluka WITCH, Amanaz, The Peace, Blackfoot ndi ena, ndipo kaimbidweko kanatchedwa Zamrock. Ambiri a magulu amenewa anali a ku Kopala. Ngozi Family inali mawu a komboni ya mu Lusaka.

Tsopano tcherani khutu ku Day of Judgement, chimbale cha mu 1976. Choyamba kukugwirani ndi gitala. Paul anali kuidutsitsa m'kabokosi kotchedwa fuzz, kamene kamaphwanya mawu a gitala kuti atuluke okhakhala ngati lata likung'ambika. Amatenga kachidutswa kamodzi ka mawu anayi kapena asanu n'kukabwereza, kukabwerezanso, mpaka kakukhazikika m'mutu. Kaimbidwe kotere kali ndi vuto lake: kakapanda pokhazikika, kamasanduka phokoso chabe, ndipo khutu limatopa mphindi imodzi isanathe. Apa ndi pamene pali ntchito ya Chrissy. Iye sathamanga. Phazi lake limaponda ng'oma yaikulu pamalo amodzimodzi, dzanja limagwetsa kamtengo molemera, ndipo pakati pa kugunda kuwiri amasiya mpata woti gitala ipumiremo. Paul akafika kumapeto kwa mzere, Chrissy amagubuduza ng'oma mwachidule, ngati munthu wovomera kuti wamva, n'kubwerera pamalo pake.

Amene anaonapo azimayi awiri akusinja mu mtondo umodzi akudziwa zimene ndikunena. Munsi wina ukakwera, wina umatsika. Palibe amene amayang'ana mnzake, koma mmodzi akangofulumira pang'ono, minsi igundana ndipo chimanga chimwazika. Kusinja kotero sikuphunziridwa tsiku limodzi, ndipo simungabwereke mlendo kuti alowe m'malo mwa mnzanu. Paul anali ndi ufulu wopenga ndi gitala chifukwa anali kudziwa kuti akabwerako kumene wapita, apeza munsi wa Chrissy ukugwa pa nthawi yake. Olemba a kunja amakonda kunena kuti Paul anali wolusa, ndipo sanama. Koma ukali umene umatha mphindi zinayi osamwazika uli ndi wina amene waugwira chingwe.

Umboni waukulu ndi My Ancestors. Pa chikuto cha chimbale chimenechi dzina loyamba ndi la Chrissy Zebby Tembo, ndipo Ngozi Family ikubwera pambuyo. Anthu ndi omwewo, zida ndi zomwezo, koma asinthana udindo: woliza ng'oma ndiye akuimba, ndipo mwini dzina la gulu watseka pakamwa, akungoyankha ndi gitala. M'mbiri ya nyimbo za rock zotere sizichitika kawirikawiri. Woimba wotchuka salola msanga kukhala wantchito pa chimbale cha womuimbira ng'oma. Paul analola, ndipo sanalize mwaulesi ngati munthu wokakamizidwa. Gitala yake pa "Trouble Maker" ndi pa "Coffin Maker" ndi yolemera ngati pa zimbale zake zomwe.

Chimene chimasintha ndi mawu. Mawu a Paul ndi akuthwa, a munthu amene akukuchenjeza kapena kukulalikira. A Chrissy ndi opepuka, osakakamiza, nthawi zina ngati munthu akudziimbira yekha akuchapa. Nyimbo zake zili ndi kanjira kosavuta kukatsatira, koti ukamva kawiri umayamba kung'ung'udza. Ngati mu Ngozi Family munali pop, inali kukhala mwa Chrissy, ndipo rock inali mwa Paul. Mawu ofewa akagona pamwamba pa gitala yaukali pamatuluka kukoma kumene simukupeza pa zimbale zimene Paul akuimba yekha. Kwa ine, pa zimbale zitatuzi My Ancestors ndicho chimene mungathe kuchimvera kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza osalumpha.

Taonaninso anthu amene ali m'mitu ya nyimbo zake: wopanga mabokosi a maliro, msodzi, munthu woyambitsa ndewu, makolo amene anapita. Magulu a ku England amene anyamatawa anali kuwamvera, monga Black Sabbath, anali kuimba za mdima ndi imfa ngati zinthu zoopsa za m'mafilimu. Kwa mwana wa mu komboni, wopanga mabokosi ndi kalipentala wa pa kona, amene umamupatsa moni m'mawa uliwonse ndipo tsiku lina banja lako lidzapita kukanenerera naye mtengo. Gitala yolemera ija ikafika mu Lusaka inapeza kuti imfa si nthano. Pa Day of Judgement pali nyimbo imene mutu wake ndi "Kumanda Kwa Bambo Wanga". Mutu wokhawo ukukuuzani kuti awa sanali kusewera ndi zigaza za pulasitiki.

Sindikunena kuti zonse zimene anajambula ndi golide. Zimbalezi zili ndi zofooka, ndipo kuzibisa ndi kuwanyoza eni ake. Choyamba, kajambulidwe kake n'kosauka. Pena ng'oma zimamveka ngati zili m'chipinda china, pena besi imamira. Ena a kunja amakonda kukhakhala kumeneku ngati kuti kunali kofuna, koma ine ndikukhulupirira kuti anyamatawa akanapatsidwa situdiyo yabwino ndi masiku okwanira, akanalandira ndi manja awiri. Chachiwiri, nyimbo zina zimafanana kwambiri, moti kachidutswa ka gitala kamene wamva m'nyimbo yachitatu umakumana nakonso m'yachisanu ndi chimodzi katangovala malaya ena. Chachitatu, ndipo ichi ndicho chachikulu, mawu a nyimbo zawo zachikondi za m'Chingelezi ndi opanda mnofu. Ndi mawu obwereka, amene mnyamata aliyense wa ku Lagos kapena ku Liverpool akanatha kuimba chaka chimenecho. My Ancestors yomwe ndaitamayi ndi ya m'Chingelezi, ndipo ndimadzifunsa kuti chikanakhala chimbale chotani Chrissy akanaimba za kalipentala uja m'chilankhulo chimene anali kumupatsira moni.

Funso limeneli limayankhidwa ndi 45,000 Volts, chimene anakajambulira ku Nairobi. Mmenemo Chingelezi ndi Chinyanja zakhala moyandikana, ndipo mungathe kuziyeza nokha. Paul akaimba m'Chingelezi amamveka ngati munthu wovala jekete ya mkulu wake. Akalowa m'Chinyanja, mawu amakhala pa ng'oma bwinobwino, chifukwa kagundidwe ka Chrissy kamatsatira mmene ife timalankhulira: mawu aafupi, ogwa molemera, obwerezedwa. "Nizakupanga Ngozi" ndi chenjezo kwa mlendo amene amabwera pa nyumba ya mnzake opanda ulemu n'kutuluka ndi nkhani zokafalitsa. M'chimbale chomwecho muli nyimbo yomvera chisoni anzathu a ku Zimbabwe, amene nthawi imeneyo anali pa nkhondo yomenyera ufulu. Nkhani ya pa khomo ndi nkhani ya dziko zili m'mbale imodzi, monga mmene zimakhalira pa bala iliyonse ya mu Matero.

Tyler anatenga chenjezo lija n'kuliika m'nyimbo yonena za mantha a munthu wotchuka, amene akuona ngati makamera akumutsata paliponse. Anasankha bwino, ndipo sindimuimba mlandu. Koma amene anakulira m'nyumba ya zipinda ziwiri, pa yadi ya mabanja asanu ndi chimbudzi chimodzi, amamva zina. Kwathu kuno kamera ndi neba. Khoma ndi lopyapyala, ndiwo zimene mwaphika zimadziwika ndi yadi yonse, ndipo mukakangana usiku, m'mawa nkhani yafika kale pa mpopi. Munthu wa ku Los Angeles ayenera kukhala ndi mamiliyoni kuti adziwe mantha amenewa. Ife timabadwa nawo. Nyimboyo inalembedwa ndi munthu wa mu Chibolya, ndipo pali chipinda china m'kati mwake chimene kiyi wake ali ndi ife tokha.

Akuluakulu amati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika, ndipo Zamrock sinakhalitse. Mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975, ndalama zinayamba kusowa m'matumba, ndipo chimbale chinasanduka chinthu chimene munthu amagula akatsala ndi chenji ya unga. Mu Okutobala 1978 ndege za Rhodesia zinaphulitsa msasa wa Chikumbi kumpoto kwa Lusaka, ndipo m'nyengo imeneyo boma linali kuletsa anthu kuyenda usiku ndi kulamula kuti magetsi azimitsidwe. Gulu limene limadya za pa siteji silingakhale ndi moyo usiku ukatsekedwa. Kenaka kunabwera disko, imene inali kufuna munthu mmodzi ndi zimbale zake m'malo mwa anthu anayi ndi zida. Kunabwera makaseti okopera, ndipo m'zaka za m'ma 1980 kalindula inalanda mabwalo. Pamwamba pa zonsezi matenda a Edzi anakolola oimba ambiri a m'badwo umenewo. Paul anapitiriza kuimba mpaka kumapeto, ndipo anamwalira mu 1989 ali ndi zaka 40. Ku Kabwata kuli msewu wa dzina lake.

Nyimbozi zinabwerera kwathu kudzera kunja. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inadindanso Day of Judgement mu 2014, ndipo mu 2017 inatulutsa zimbale ziwiri zosonkhanitsa zotchedwa Welcome to Zamrock! Mu 2019 kunatuluka filimu yonena za WITCH, ndipo Jagari Chanda, amene anakhala zaka zambiri akukumba miyala ya mtengo wapatali kuti apeze chakudya, anayambanso kuimba pa masiteji a ku Ulaya ndi ku America. Mu 2022 Sampa the Great anatulutsa "Never Forget" polemekeza m'badwo wa Zamrock. Mu 2023 Travis Scott anatenga kachidutswa ka nyimbo ya Amanaz, ndipo chaka chotsatira inali nthawi ya Tyler. Kuno kwathu Leonard Koloko analemba buku la mbiri ya oimba a Zambia, ntchito imene inayenera kuchitidwa ndi anthu ambiri koma inagwera ochepa.

Tiyenera kuyamika onse amene anasunga zimene ife tinataya. Zimbale zambiri zoyambirira zinathera pa madenga, zina ana anaziponya ngati mbale zouluka. Koma msika wa kunja uli ndi kaonedwe kake. Umafuna ngwazi imodzi, nkhope imodzi ya pa sikipa, ndi dzina lachizungu loyerekezera nalo: uyu ndi Hendrix wa ku Africa, awa ndi Black Sabbath ya ku Zambia. Mu nkhani yokonzedwa motero, woliza ng'oma amasanduka mzere umodzi wa tizilembo ting'onoting'ono kuseri kwa chikuto. Ife tikangomeza nkhaniyo mmene yabwerera, tidzakhala tikuphunzira mbiri ya Chibolya kwa anthu amene sanapondemo, ndipo tidzaiwala munthu yemweyo amene iwo amuiwala.

Magulu a anthu awiri amene anabwera pambuyo anachita mwanzeru pa nkhani ya dzina. Moses ndi Levy Sakala, anyamata a ku Matero, anadzitcha Sakala Brothers, ndipo kaimbidwe kawo anakapatsa dzina lakelake lakuti makewane. Simungatchule gululo n'kusiya mmodzi panja. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, pansi pa Mondo Music, Black Muntu ndi Shatel analinso awiriawiri, nkhope zonse ziwiri pa chikuto. Kumeneko mawu awiri amaimba pamodzi, ndipo khutu silivutika kudziwa kuti pali anthu awiri. Ubale wa Paul ndi Chrissy ndi wovuta kuuona chifukwa mmodzi amalankhula ndi zingwe, wina ndi zikopa, ndipo tinazolowera kuganiza kuti wogwira maikolofoni ndiye mwini nyimbo.

Nkhaniyi si ya akale okha. Lero mu Chawama, mu George ndi mu Kalingalinga nyimbo zambiri zimabadwa m'kachipinda kamodzi, mmene muli anthu awiri: wina pa maikolofoni, wina pa kompyuta akupanga biti. Ameneyo ndiye Chrissy wa masiku ano. Opanga mabiti anaphunzira kuika dzina lawo kumayambiriro kwa nyimbo kuti lisatayike, ndipo anachita bwino. Koma dzina lofuulidwa m'masekondi atatu oyamba si pepala. Palibe amene anali kudziwa mu 1977 kuti patapita zaka 47 nyimbo ya miseche ya mu komboni idzamveka pa chimbale chogulidwa dziko lonse. Tsiku lotero likafika, maloya safunsa kuti ndani anali mnzake wa ndani. Amafunsa zimene zinalembedwa. Ngati inu ndi mnzanu mukupanga nyimbo, khalani pansi lero mukali kugawana botolo limodzi la Fanta, mulembe kuti uyu anachita chakuti, uyu chakuti, ndipo mukalembetse ntchito yanu ku ZAMCOPS, bungwe loteteza umwini wa nyimbo. Kukambirana za ndalama kulibe ndalama n'kosavuta. Zikabwera, ubale umayesedwa.

Kwa amene akufuna kuyamba kumvera, ndikupatsani njira iyi. Yambani ndi 45,000 Volts, chifukwa muli nyimbo imene mukuidziwa kale, ndipo muimve yonse, osati kachidutswa ka pa TikTok. Kenaka pitani ku Day of Judgement, koma ulendo uno muyese kusiya gitala, khutu lanu litsate ng'oma zokha kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Poyamba zidzakuvutani, chifukwa Paul salola msanga kuti umusiye. Mukazolowera mudzayamba kumva pamene Chrissy akudikira, pamene akuvomera, ndi pamene akukoka mnzake kuti abwerere. Pomaliza ikani My Ancestors, mumve munthu wa kumbuyo uja akutsegula pakamwa. Ngati pa nyumba pali agogo kapena amalume amene anavina nyimbozi mu holo, akhazikeni pafupi ndi sipika, muwafunse kuti pa ng'oma panali ndani. Mulembe zimene adzakuuzeni, chifukwa anthu amene anaona awiriwa ndi maso akuchepa chaka ndi chaka.